Kufika pa Mwanza si kufika pakhomo

Funso

Ndinachoka kumudzi kumayambiriro kwa 2017 ndipo chichokere sindinapondekonso. Disembala akubwerayu ndikubwerera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Kwathu ndi ku Phalombe, kupitirira pa Migowi. Ndili ndi firiji yaing'ono, sola ndi batire lake, njinga ya mwana, mabulangete ndi zovala. Anzanga kuno akuti ndikangotsika ku Blantyre ndichite hayala galimoto usiku womwewo, ndikafike anthu ali mtulo kuti asaone katundu. Mkazi wanga ndi ana ali kwawo, mudzi woyandikana ndi wathu. Mayi anga anamwalira ine ndili kuno ndipo maliro sindinakhale nawo. Chigawo chomalizachi ndiyende bwanji?

Yankho

Achimwene, pepani ndi maliro a mayi. Nkhani imeneyo tibwererako, chifukwa pa katundu yense mwatchulayu wolemera kwambiri ndi ameneyo. Koma ndiyambe ndayankha za anzanuwo: ayi, musachite hayala usiku. Mukatsika ku Blantyre gonani konko. Musambe, mudye nsima yotentha, mugone pabedi miyendo itawongoka, ndipo ku Phalombe mukalowe m'mawa wake dzuwa likuwala.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa mabasi a msewu umenewu, poyamba ngati kondakitala, kenako woyang'anira katundu, ndipo pali chinthu chimene ndinachiona kambirimbiri mpaka ndinasiya kuchidabwa. Ponyamuka pa Park Station munthu amakhala tcheru. Pa Beitbridge pasipoti ili m'thumba lam'kati, dzanja lili pomwepo. Podutsa Masvingo ndi Harare amagona diso limodzi, basi ikangoima wasuzumira kale pawindo kuona amene akuyandikira tirela. Pa Nyamapanda, pa Cuchamano, powoloka Zambezi ku Tete thukuta lili kamukamu, maso amakhalabe pa katundu. Ndiye akangodinditsa pa Mwanza, akangomva wapolisi akumupatsa moni m'Chichewa, thupi lonse limamasuka. Mumtima amati ndafika. Pa makilomita pafupifupi 1,700 a ulendo wa ku Blantyre amakhala atatsala ndi 100 okha, ndipo anthu ambiri amene ndinawaona akugwetsa misozi pa ulendowu anataya zinthu zawo kuyambira pamenepo kupita kutsogolo, m'dziko lawo lomwe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pofika pa Mwanza mumakhala mutagona chokhala mausiku awiri, mwinanso atatu ngati pa Beitbridge panali mzere wa Disembala. Mwadya tchipisi ndi zakumwa zozizira basi, madzi mwamwa pang'ono poopa kusowa potayira. Munthu wosowa tulo chotere amaganiza ngati woledzera, kungoti woledzera amadziwa kuti wamwa. Amawerenga ndalama zomwezo kawiri n'kupeza mayankho awiri. Amavomera mtengo uliwonse kuti nkhani ingotha. Muonjezere pamenepo mtima wofuna kuona ana amene munawasiya akukwawa, mupeza munthu amene aliyense wochenjera pa depoti angamutembenuze mmene akufunira. Kuthamanga sikufika, ndipo kwa munthu wochokera ku Joni mawu amenewa amagwira ntchito kwambiri patsiku lomaliza.

Tiyambe ndi pa Mwanza pomwepo. Katundu yense amatsitsidwa kuti a MRA amuone, ndipo pa basi yodzadza ya nyengo ya Khirisimasi ntchitoyi ikhoza kudya theka la tsiku. Kukonzekera kwake kumachitikira ku Johannesburg musananyamuke. Lembani papepala zonse mwanyamula, thumba ndi thumba. Thumba lililonse mulilembe dzina, nambala ya foni ya akazi anu, ndi nambala yake pa matumba onse, monga 3 mwa 7. Kapepala kena kofanana mukaike m'kati. Matumba amizeremizere aja timati mashangani amafanana onse, ndipo m'tirela imodzi amakhalamo ambirimbiri. Malisiti a firiji, sola ndi batire akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa msonkho amawerengera pa mtengo wa chinthu, ndipo mukapanda lisiti mtengowo aika ndi iwo. Ngati mukubwerera kudzakhazikika, dziwani kuti MRA ili ndi ndondomeko ya anthu amene akhala kunja nthawi yaitali ndipo akubwera ndi katundu wam'nyumba amene ankagwiritsa kale ntchito. Pitani nokha pakauntala mukafunse, mutanyamula mapepala osonyeza kuti munalidi kunja. Musatume anyamata oyendayenda aja amene amati "bwana, ndikuthandizeni". Chilichonse mwalipira mutengere lisiti ya boma, pakuti kutsogoloku kuli marodibuloko, pa Zalewa pali ina, ndipo lisiti yomweyo ndi imene imakuyankhirani.

Pali mwambo wina wa m'mabasi wosonkhetsa anthu ndalama kuti "tidutse msanga". Ine ndinayendapo ndi chipewa chimenecho m'kanjira ka basi, sindikunyadira. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ndalama imeneyo ilibe lisiti, ndiye zikavuta kutsogolo firiji ndi yanu, mlandu ndi wanu. Chimodzimodzi timaphukusi ta anzanu ta "mukapatse amayi pa Lunzu": musanyamule chimene simunatsegule n'kuona ndi maso anu.

Nthawi yoopsa kwambiri pa Mwanza ndi yokwezanso katundu. Anthu amakhala atatopa, ena apita kukagula nthochi ndi manachesi, ena akuimba foni. Inu imani pomwepo, muwerenge matumba anu akulowa, mpaka tirela itakhomedwa. Ndipo paliponse basi iima kutsitsa munthu, tsikani nanu. Pa Zalewa makamaka, pamene msewu wa ku Mwanza ukumana ndi M1, amatsika anthu a ku Balaka, Ntcheu, Liwonde ndi Mangochi, kawirikawiri kutada kale. Ndikukumbukira bambo wina wa ku Thyolo, mmisiri wa matailosi, amene anagona tulo tofa nato titangonyamuka pa Mwanza. Titafika ku Blantyre thumba limene linatsala linali lofanana ndi lake kunja kokha, m'kati munali mapoto ndi zovala za ana. Lake, la zida zonse za ntchito zimene anasonkha zaka zinayi, linatsika pa Zalewa. Sindikhulupirira kuti amene analitenga anali wakuba, ayenera kuti naye anadabwa atafika kwawo. Koma m'matumba onse awiri munalibe dzina kapena nambala, ndiye nkhani inathera pomwepo.

Tsono ndalama. Mitengo imene ili m'mutu mwanu ndi ya 2017, ndipo Kwacha imene munaisiya si imene muipeze. Inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pepala la K5,000 linatuluka mu 2022, kutanthauza kuti simunaligwirepo m'manja. Izi zimabweretsa mavuto awiri otsutsana. Ena amakangana ndi aliyense, kuyesa wakuba ngakhale mayi wogulitsa mandasi pamtengo wake weniweni. Ena akamva mitengo iwiri itatu yododometsa amangogonja, n'kumalipira chilichonse auzidwa. Mankhwala ake ndi foni imodzi yokha: sabata yonyamukira funsani akazi anu kuti minibasi ya ku Limbe kufika pa Migowi ikuchita zingati, kabaza kuchoka pa Migowi kufika kumudzi ndi zingati, ndipo mulembe. Dziwaninso kuti mtengo umakwera malinga ndi mmene mukulankhulira. Mukangoti "eish" kawiri, chipewa chatsopano kumutu, tcheni pakhosi, basi mwadziwika. Bwezerani Chichewa chanu cha ku Phalombe pakamwa musanatsike basi.

Anyamata osintha ndalama pachipata adzakupatsani mtengo wokoma kuposa wa kubanki, ndipo m'pamene pali nyambo. Malonda amenewo ndi oletsedwa, ndiye akakuberani mulibe kokadandaula. Amadziwa kupinda pepala limodzi kuti liwerengeke kawiri, amadziwa kulowetsa mapepala abodza pakati pa mpukutu, ndipo inu amene simunaonepo K5,000 yeniyeni mudzaizindikira bwanji yabodza? Ndalama zambiri zitumizeni musananyamuke, m'dzina lanu lomwe, kudzera ku Mukuru kapena njira ina yovomerezeka imene mumatumizira kale, mudzazitenge mutapuma. M'thumba muyende ndi zongokwanira msonkho, chakudya, chipinda ndi thiransipoti, ndipo zimenezo muzigawe malo awiri.

Foni nayo imagwetsa anthu ambiri. Simukhadi ya TNM kapena Airtel imene munaisunga m'chikwama inafa kalekale, nambalayo mwina ili ndi munthu wina. Kugula yatsopano masiku ano amafuna chiphaso, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017 inu mutachoka kale. Nkhani ya chiphasoyo mudzaiyambe ku ofesi ya NRB kwa DC mukapuma, chifukwa popanda icho zinthu zambiri kuno sizikuyenda. Koma patsiku lofikalo mukhoza kupezeka muli pakati pa Blantyre ndi foni yokongola yosaimba. Manambala ofunika alembeni papepala. Gulaninso adaputa, pakuti mapulagi a ku South Africa ndi amano obulungira pamene masoketi athu ndi amano amakona, ndipo izi zikhudzanso firiji yanu.

Malangizo anga aakulu pa chigawo chonsechi ndi awa: itanani munthu mmodzi wa kumudzi adzakuchingamireni ku Blantyre. Mlamu, mphwanu, mwana wa achemwali amene wakula, aliyense amene mumamukhulupirira ndipo ali ndi foni yoimba. Mutumizireni thiransipoti. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi zimene adzapulumutse. Iye wagona bwino, mitengo akuidziwa, njira akuidziwa mmene ilili chaka chino, ndipo mukafuna kupita kuchimbudzi pali wotsala ndi katundu. Munthu mmodzi ndi matumba 7 pa depoti sangathe ngakhale kukagula madzi.

Basi zambiri zimatsitsa pa Wenela kapena pa maofesi awo m'tauni. Dzina la Wenela lija, kwa amene sadziwa, ndi la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, Witwatersrand Native Labour Association. Agogo athu ankanyamukira pamenepo n'kudzatsikira pomwepo, ndi masutikesi achitsulo, njinga ndi wailesi. Ulendo umenewo unaima mu 1974 ndege ya bungweli itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Unadzayambiranso m'dzina la Theba. Ndimati ndikaima pamalo paja ndimaganiza kuti funso lanuli ndi lakale ndithu, machona ambiri analifunsapo. Ngati basi yafika usiku kwambiri, funsani oyendetsa ngati mungagone m'basi momwemo kapena m'chipinda chodikirira mpaka kucha, ambiri amalola. Ngati yafika nthawi yabwino, pezani resitihausi yokhala ndi mpanda ndi mlonda, katundu alowe m'chipinda mwanu, asagone pa khonde.

Tsopano ndifotokoze bwino chifukwa chimene ndikukanira hayala ya usiku, pakuti ndikudziwa kuti anzanuwo akuumirirani. Choyamba, mdima kuno umafulumira. Nthawi ya pawotchi ndi imodzi ndi ya ku Johannesburg, koma mu Disembala kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 7 koloko pamene ku Blantyre limalowa itangokwana 6. Thupi lanu lazolowera kuti 6 koloko kukadali masana. Kenako pali woyendetsa: munthu wosamudziwa amene mwamupeza pa depoti, amene akuona kuti mwachokera ku Joni, mwatopa, muli ndi katundu, mwina ndi ndalama, ndipo foni yanu siikuimba. Ambiri a iwo ndi anthu abwino ofuna kudyetsa ana awo. Koma simungawasiyanitse mumdima, ndipo palibe amene waona nambala ya galimoto imene mwakwera.

Ngakhale woyendetsayo akhale m'busa, pali msewu. Kuchoka ku Limbe kudzera ku Chiradzulu kukafika pa Migowi ndi phula, koma inu mwati kwanu n'kupitirira, ndipo Disembala ndi dzinja. Dothi lamakande la chigwa cha Phalombe mukulidziwa bwino kuposa ine: likangonyowa galimoto imavina, matayala amangozungulira pamodzimodzi. Ndiponso njira imene ili m'mutu mwanu mwina kulibenso. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasakaza kwambiri Phalombe ndi Mulanje. Madzi, miyala ndi matope zotsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi zinakokolola milatho, mitsinje ina inasintha podutsa, midzi ina monga ya kwa Nkhulambe inasamuka. Woyendetsa wa m'tauni adzadalira inu kuti mumulondolere, inu mudzadalira zimene munaona mu 2017, usiku, mvula ikugwa. Mathero ake ndawamvapo kangapo: galimoto yatitimira pakati pa usiku kufupi ndi mudzi wa eni, ndipo anthu amene mumafuna kuti asaone katundu ndi omwewo abwera ndi matochi ndi makasu kudzakankha, atsitsa firiji ndi manja awo kuti galimoto ipepuke, kenako atchula mtengo.

Mantha a anzanuwo sindikuwaseka. Nsanje kumudzi iliko, akuba aliko, ndipo munthu wochokera ku Joni amayang'anidwa. Koma ndiuzeni mudzi umene galimoto ingalowe usiku anthu osamva. Agalu auwa, magetsi a galimoto awala pa makoma onse, m'mawa mikwaso ya matayala yalunjika pakhomo panu, ana afalitsa nkhani asanasukusule n'komwe. Chimene mwabisa palibe, chimene mwaonjeza ndi funso lakuti "wabwera ndi chiyani chimene akubisa?" Kumudzi chinthu chosaoneka chimakula. Firiji yaing'ono imasanduka matumba a ndalama, ndalamazo zimasanduka zizimba. Ngati mukufunadi kuchepetsa maso, njira yake ndi kugawa katundu. Firiji, sola ndi batire musiye kwa mbale wodalirika ku Limbe kapena pa Migowi. Inu mulowe m'mudzi ndi chikwama chimodzi, mabulangete ndi njinga ya mwana. Zinazo zidzabwere patapita sabata kapena ziwiri, tsiku louma, anthu atasiya kale kukuyang'anani. Pofika nthawiyo mudzakhala mutaona denga ngati silikudontha ndiponso chitseko ngati chili ndi loko. Firijiyo ikafika muiimike chilili tsiku lathunthu musanailumikize, kuti mafuta a mu injini yake abwerere m'malo mwake, makamaka ngati inayenda chogona. Ndipo mufunse wodziwa zamagetsi ngati sola ndi batire mwagulazo zingaikwanitse, pakuti sola yowunikira ndi kutchaja mafoni nthawi zambiri siikoka firiji.

Ndinenepo kanthu kena kamene simunafunse. Abambo ena amakonda kufika usiku osanena pofuna kuona ngati pakhomo pagona munthu wina. Sindikuti inu muli ndi maganizo amenewo. Koma ngati pali chimene chikukudyani mumtima, ankhoswe alipo ndipo ntchito yawo ndi imeneyo. Mayi amene walera ana yekha zaka zonsezi ayenera kudziwa tsiku ndi nthawi, asese, aphike, akonzekeretse ana. Wamng'ono uja amakudziwani pa chithunzi cha pa WhatsApp chokha. Bambo wachilendo wogogoda pakati pa usiku adzamuthawa n'kukabisala kumbuyo kwa amake, ndipo zimenezo zidzakupwetekani kuposa mmene mukuganizira. Ngakhale masana akhoza kuchita manyazi. Musamukoke, khalani pansi, njinga ija iime poonekera, abwera yekha.

M'mawa wake nyamukani molawirira. Mvula ya dzinja imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndiye cholinga chikhale kufika nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ngati katundu mwamugawa monga ndanenera, minibasi ya ku Limbe ikukwanirani. Oitanira adzalimbirana zikwama zanu, wina kukokera uku wina uku. Musalole chikwama chichoke m'manja musanasankhe nokha galimoto, ndipo mtengo wa katundu mugwirizane asanamukweze, chifukwa akamumanga kale mulibenso mawu. Ngati mwasankha hayala, ikhale ya masana, ya munthu amene wokuchingamirani uja akumudziwa, makamaka wa ku Phalombe konko, ndipo theka la ndalama mudzapereke pofika. Pa kabaza wa njinga yamoto musadzipanikize inu ndi matumba pa njinga imodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Pa matope njinga yolemera kumbuyo imagwa mosavuta, ndipo ambiri alibe chipewa chachiwiri. Tengani ziwiri kapena zitatu, muyende mondondozana, wachibale uja atsogole ndi katundu.

Tibwerere kwa mayi. Mwina mudzafikira kwa akazi anu, n'zomveka, ana ali kumeneko. Koma uthenga upite kwa amalume kapena amene ali mwinimbumba tsiku lomwelo, ndipo inu mukaonekere kwanu madzulo ake kapena m'mawa kutangocha. Musalole kuti abale anu amve kwa anthu kuti munafika dzana ndipo mukudya nkhuku kuchikamwini. Mukamalowa m'mudzi wa kwanu konzekani: maliro adzayambiranso. Achemwali anu, azakhali, amayi aang'ono adzalira ngati zachitika dzulo, chifukwa kwa iwo mwambo sunathe mwana wa malemu asanafike. Musawatontholetse, musafulumire kutsegula chikwama. Khalani pansi pamene akuonetsani, nanunso ngati misozi yabwera isiyeni. Akatha adzakufotokozerani mmene matenda anayendera, amene anagona nawo kuchipatala, mawu amene mayi anasiya. Pamenepo ndi pomvetsera. Malonje anu a ku Joni adzabwera pambuyo, ndipo akhale aafupi.

Padzapezeka wina wolankhula mawu olasa, akuti ndalama munkatumiza koma nkhope yanu mayi anaifuna mpaka tsiku lomaliza. Musayambe kufotokoza za mapepala, za abwana okana tchuthi, za mtengo wa basi. Zifukwazo n'zoona, koma tsiku loyamba zimamveka ngati kudziteteza. Nenani kuti pepani, ndinalephera, zikomo kuti munawasunga mayi. Amene anadwazika matenda, kawirikawiri mlongo mmodzi amene anasiya munda wake, mumupatse kanthu kake payekha mosaonetsera, chitenje ndi ndalama pang'ono, ndipo mumuthokoze pamaso pa anthu. Kumanda musapite nokha. Amalume adziwitsa amfumu, apezeka okuperekezani, ndipo n'kwabwino kukhala ndi kangachepe m'manja kothokozera amfumu ndi adzukulu amene anakumba manda inu kulibe. Nkhani ya chiliza idzatuluka, mwina tsiku lomwelo. Vomerani kuti ndi yofunika koma musatchule mwezi kapena ndalama muli ndi chisoni ndi kutopa. Ntchito imeneyo imayenera chilimwe, nthawi ilipo yokhala pansi ndi abale onse.

Zopempha zina nazo zidzabwera, ndipo n'zenizeni: Disembala ndi Januwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, sukulu zikutsegulira. Masiku atatu oyamba yankho lanu likhale lakuti ndamva, tikambirana. Kenako mukhale pansi ndi akazi anu awiriwiri, iwo ndi amene akudziwa amene anawathandiza pa nthawi yovuta ndi amene akungobwera lero. Ngati mukuganiza zodzabwereranso ku Joni, ndalama ya basi isatuluke kumene munaitumiza. Ndanyamulapo anthu ambiri mu Febuluwale amene anagulitsa foni ndi sola yomwe ija kuti apeze tikiti.

Chotsala ndi thupi lanu, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa ulendowu umatsatira munthu mpaka masabata awiri atatu atafika. Mapazi onse awiri kutupa pambuyo pokhala masiku awiri m'basi si zachilendo, zimaphwa mukayendayenda ndi kugona miyendo itakwezedwa. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akuwawa ndi kutentha, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kulasa m'chifuwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo musalole wina kuusisita. Kukhoza kukhala kuundana kwa magazi m'mitsempha, kumene kumabwera chifukwa chokhala nthawi yaitali osasuntha. Pofuna kupewa, tsikani n'kuyenda paliponse basi yaima, ndipo imwani madzi. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV, akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi khadi ndi kalata ya kuchipatala cha kumeneko, okwanira mwezi kapena kuposa, kuti akuno apitirize pamene anzawo analekezera. Ndipo poti inu ndi akazi anu mwatalikirana zaka zambiri, kukayezetsa magazi limodzi m'masiku oyambirira n'kwanzeru. Mukayambitse ndinu, monena kuti tiyeni tonse, kuti pasaoneke woloza chala mnzake. Madzi akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe, nyengo ya mvula ndi ya kolera, ndiponso m'mimba mwanu mwazolowera madzi a pampopi.

Koma chimene ndimaopa kwambiri kwa anthu ochokera ku Johannesburg ndi malungo. Mzinda umene uja uli pamtunda ndipo kulibe udzudzu wofalitsa malungo. Mphamvu yolimbana nawo imene munakula nayo ku Phalombe imachepa munthu akakhala zaka osalumidwa, moti mukubwera ngati mlendo ngakhale munabadwira konko. Mudzadutsa ku Tete, mudzagona ku Blantyre, kenako mudzakhala m'chigwa choyandikana ndi nyanja ya Chilwa pakati pa dzinja. Gulani neti ndipo muyambe kugonamo usiku woyamba, ngakhale mu resitihausi. Malungo saonekera tsiku lolumidwa, amayamba patatha masiku 7 kapena kuposa, kawirikawiri sabata yachiwiri. Nthawi imeneyo munthu amati ndi kutopa kwa ulendo, amamwa panado n'kugona. Likafika tsiku lachitatu wayamba kubwebweta, ndipo achibale, pokumbukira katundu uja ndi maso a anthu, amati walodzedwa n'kuthamangira kwa asing'anga. Umu ndi mmene tinatayira mnzathu wina amene tinkagwira naye ntchito, atapita kwawo kutchuthi.

Choncho auzeni akazi anu musanadwale: mutu ukangowawa, thupi likangotentha kapena kuphwanya, akuperekezeni kukayezetsa tsiku lomwelo. Kuyeza ndi kwa kadontho ka magazi pachala, zotsatira zimatuluka mukadali pompo, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a LA ndi zaulere. Pa Migowi pali chipatala chachikulu cha boma chimene munachoka chisanatsegulidwe, ku Holy Family nakonso mukukudziwa. Mukafika auzeni adokotala kuti mwakhala ku Johannesburg kuyambira 2017 ndi tsiku limene munadutsa pa Mwanza. LA amamwa masiku atatu, kawiri patsiku, mutadya kanthu, ndipo mumalize yense ngakhale mutayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri.